Mafangasi othandiza mbewu zamasamba: mafunso ndi mayankho kwa alimi a m'madimba a ku Mzuzu

Tsambali ndi la alimi a tomato, anyezi, kabichi, nyemba ndi ndiwo zina za m'dimba mu Mzuzu ndi madera ozungulira, kuyambira m'madambo a mtsinje wa Lunyangwa mpaka ku Ekwendeni. Likukamba za magulu awiri a mafangasi (tizamoyo ta mtundu wa bowa ndi chuku) okhala m'nthaka: mycorrhiza ndi Trichoderma.

Kodi fangasi si amene amawoletsa mbewu? Angathandize bwanji?

Owononga alipodi, monga amene amagwetsa mbande pa nazale ndi amene amatseka misempha ya tomato mpaka kufota. Koma mafangasi ambiri a m'dothi amangowoletsa zinyalala, ndipo ena amakhala limodzi ndi mizu n'kumaithandiza. Mycorrhiza amadyetsa mbewu. Trichoderma amateteza mizu kwa mafangasi anzake oipa. Ntchito zawo n'zosiyana, kaikidwe kawonso n'kosiyana, choncho musamawatenge ngati chinthu chimodzi.

Mycorrhiza amagwira ntchito motani?

Amalowa m'kati mwa muzu koma sauwoletsa. Ali m'muzumo amatulutsa timaulusi towonda kwambiri kuposa tsitsi, tosaoneka ndi maso, timene timayenda masentimita angapo m'dothi kupitirira pamene muzu wathera. Timaulusito timatola fosifolasi, zinki, kopa ndi madzi n'kupereka ku mbewu. Mbewu nayo imabweza shuga ndi mafuta opangidwa m'masamba, nthawi zina mpaka gawo limodzi mwa magawo 5 a chakudya chonse chimene yapanga. Ndi malonda ngati a pamsika: mbewu ikayamba kupeza fosifolasi payokha mosavuta imasiya kulipira, ndipo fangasi amachepa m'mizu.

Kuno nkhaniyi ndi yaikulu chifukwa cha dothi lathu. Mzuzu ali pamtunda ndipo amalandira mvula yambiri. Mvulayo imatsuka kashiamu ndi maginiziyamu, n'kusiya dothi lofiira lokhala ndi asidi wambiri. M'dothi lotere fosifolasi amagwidwa ndi ayironi ndi aluminiyamu, sayenda ndi madzi monga achitira nayitrojeni. Muzu umadya amene ali pafupi, mamilimita ochepa chabe, kenako umasowa ngakhale fosifolasi wina ali chapomwepo. Mbande ya tomato yosowa fosifolasi imapinimbira, tsinde limawonda, ndipo kunsi kwa masamba kumada mofiirira. Dziwaninso kuti kuzizira kwa June ndi July kumabweretsa mtundu womwewu, chifukwa muzu wozizidwa sukoka bwino fosifolasi.

Ndi mbewu ziti zimene zimapindula?

Zimene zimadalira kwambiri mycorrhiza ndi za mizu yochepa komanso yopanda ubweya wambiri: anyezi, adyo ndi kaloti. Chinangwa nachonso chimamudalira zedi, n'chifukwa chake chimabereka ngakhale pa dothi loguga. Tomato, tsabola, mabiringanya, nyemba, nsawawa, khobwe, therere, maungu, nkhaka, mbatata ndi chimanga zonse zimalandira fangasiyu.

Kabichi, repu, mpiru ndi chayinizi sizimulandira ayi. Bonongwe, sipinachi ndi bitiruti nazonso n'chimodzimodzi. Kuthira mycorrhiza pa bedi la repu n'kutaya ndalama. Choipa china n'chakuti fangasiyu sangachulukane popanda muzu wamoyo womudyetsa, choncho bedi limene lakhala ndi repu ndi mpiru zokhazokha chaka chathunthu limatsala ndi wochepa. Anyezi wowokeredwa pamenepo amayamba monyinyirika. Ndi bwino kuika nyemba kapena chimanga chachiwisi pakati: repu, kenako nyemba, kenako anyezi.

Trichoderma alibe tsankho loteroli. Amakhala pa mizu ya kabichi ndi repu yomwe.

Kodi m'dimba mwanga mulibe kale mafangasiwa?

Nthawi zambiri alimo, ndipo apa ndi pamene mlimi ayenera kuyambira asanagule chilichonse. Dothi lililonse limene pamamera udzu lili ndi mycorrhiza wake, wozolowera nyengo ndi asidi wa malowo. Chimene chimachitika m'madimba ambiri n'chakuti kalimidwe kamamupha pang'onopang'ono.

Kutipula mozama nthawi iliyonse mukakolola kumadula timaulusi tija, ndipo mbewu yotsatira imayambanso kumanga kuchokera pachiyambi. Pangani mabedi okhazikika a mita imodzi m'lifupi, osawapondamo, ndipo pokonza muzingogaula masentimita 5 mpaka 10 a pamwamba. Pokolola nyemba dulani pa tsinde, mizu itsale m'dothi, pokhapokha ngati inali yodwala.

Bedi losiyidwa lambulanda kwa miyezi ingapo limataya fangasi wambiri chifukwa palibe womudyetsa. Ngati dimba likupuma, mwazani khobwe kapena nyemba.

Madzi odikha ndi vuto lalikulu m'madambo a kuno, kumene mvula imapitirira mpaka April, nthawi zina May. Mafangasi onsewa amafuna mpweya. Dimba limene lamira kwa masabata angapo limatuluka m'dzinja lili ndi mycorrhiza wochepa. Kwezani mabedi masentimita 20 mpaka 30 ndipo kumbani ngalande zotulutsa madzi.

Kutentha zinyalala pamwamba pa bedi, kuthira fosifolasi mopyola muyezo ndi kuthira mankhwala a fangasi m'dothi ndi zina zimene zimawapha. Kuphimbira ndi udzu wouma kumachita zosiyana: dothi limasunga chinyontho, silitentha mu October, ndipo udzuwo ukamawola umadyetsa Trichoderma.

Ife timatentha mapesi pa nazale tisanafese. Tisiye?

Si kuti musiye. Moto umapha njere za udzu, manematodi (tinyongolotsi ting'onoting'ono towononga mizu) ndi matenda m'masentimita ochepa a pamwamba, ndipo pa malo amene mbande zimagwa chaka ndi chaka umathandiza. Kungoti moto susankha, umapha ndi othandiza omwe. Dothi lotenthedwa limakhala lopanda mwini, ndipo fangasi woipa akabwera ndi madzi othirira kapena ndi khasu sapeza womuletsa. N'chifukwa chake mbande nthawi zina zimagwa kwambiri pa nazale yotenthedwa bwino. Mukatentha, dikirani dothi lizizire masiku 2 kapena 3, palani phulusa lochuluka, thirirani, ndipo ikani mafangasi othandiza musanafese. Nazale yotenthedwa ndi malo amene kuika mafangasiwa kumaoneka phindu lake msanga.

Kodi ndingachulukitse ndekha mycorrhiza?

Inde, ndipo sipafunika ndalama zambiri, koma pafunika miyezi 3 mpaka 4. Popeza fangasiyu amakula m'mizu yamoyo yokha, ntchito yanu ndi kudzala mbewu zomukopa m'matumba, kenako n'kukolola mizu yake pamodzi ndi dothi.

Yambani ndi dothi loyambira. Litengeni pa malo amene sanalimidwe kwa zaka zingapo: pansi pa udzu wa m'tchire, pa mzere wa vetiva wakale, pansi pa gliricidia kapena nsangu. Chotsani zinyalala za pamwamba, kumbani masentimita 10 mpaka 20, ndipo tengani dothi pamodzi ndi timizu take. Tengani pang'onopang'ono pa malo 4 kapena 5 kuti mukhale ndi mitundu yosiyanasiyana. Musatenge pamene panali tomato, mbatatesi, fodya kapena mabiringanya, chifukwa mungabwere ndi manematodi ndi matenda ofotetsa. Dothi la pansi pa paini, ngati la ku Chikangawa, silithandiza: fangasi wa paini ndi wa gulu lina, limene limakuta muzu kunja n'kumabala bowa, ndipo salowa m'mizu ya ndiwo za m'dimba. Momwemonso ndi wa mitengo ya masuku ndi miombo. M'nkhalango zotetezedwa monga Kaning'ina musakumbemo, palibenso chifukwa chopitira kumeneko.

Sakanizani ndowa imodzi ya dothi loyambira, ndowa ziwiri za mchenga wa kumtsinje ndi theka la ndowa ya kompositi yowolerana bwino. Manyowa a nkhuku ndi feteleza musaikemo, fosifolasi wake ndi wambiri. Thirani m'matumba akale a feteleza otsukidwa bwino, opindidwa pakamwa kufika masentimita 30 kutalika, ndi obooledwa pansi. Ikani matumbawo pa njerwa kuti asakhudze dothi la m'dimba.

Dzalani mothithikana chimanga, mapira kapena mawere, pamodzi ndi nyemba kapena khobwe. Gwiritsani ntchito mbewu ya m'nkhokwe yosapakidwa mankhwala. Thumba limodzi lingalandire njere 10 za chimanga ndi 10 za nyemba. Simukufuna zokolola, mukufuna mizu yodzaza thumba. Masamba akachita chikasu pang'ono musathamangire feteleza, njala yapang'onoyo ndi imene imachititsa mbewu kuitana fangasi.

Pakatha miyezi 3, dulani mbewu pa tsinde ndipo siyani kuthirira kwa masiku 10 mpaka 14. Kuuma kumeneku kumachititsa fangasi kubala timbewu take. Kuno matumba odzalidwa mu December amafika pa sitepe imeneyi mu March kapena April, mvula ikugwabe, choncho asamutsireni pakhonde kapena pansi pa denga. Akanyowa, mizu imangowola. Kenako khuthulani, dulani mizu ndi mpeni kapena sizasi m'tizidutswa ta sentimita imodzi, ndipo sakanizani ndi dothi lomwelo. Sungani m'thumba pa malo ouma, ozizira, opanda dzuwa, ndipo gwiritsani ntchito nyengo yomweyo. Pokhuthula yang'anani mizu ya nyemba. Timibulu timene timathothoka mukakhudza ndi chala n'tabwino, ndi ta nayitrojeni. Koma muzu weniweniwo ukatupa mfundomfundo zosathothoka, amenewo ndi manematodi, ndipo thumba lonselo litayidwe kutali ndi dimba.

Ndiike wochuluka bwanji, ndipo pati?

Pa nazale, kumbani timizere totalikirana masentimita 10 mpaka 15, thirani chosakanizacho m'mzere mokhuthala sentimita imodzi, kwirirani ndi dothi pang'ono, kenako fesani pamwamba. Muzu woyamba ukamatsika uzidutsa mmenemo. Ngati mukufesa m'machubu kapena m'mathireyi, sakanizani gawo limodzi ndi magawo 9 a dothi lofeseramo. Powokera, ikani kadzanja kamodzi pansi pa phando, mizu ya mbande igone pomwepo.

Kumwaza pamwamba pa bedi sikuthandiza, dzuwa limapha timbewuto ndipo sitifika ku mizu. Pa nazale ndi pamene pali phindu lalikulu, chifukwa ndowa imodzi imakwanira mbande zambirimbiri ndipo zimapita kumunda fangasi ali kale m'kati. Pozula mbande thirirani kaye, ndipo nyamulani ndi kadothi kake.

Nanga Trichoderma ndimugwiritse ntchito bwanji?

Trichoderma ndi chuku chobiriwira chimene chimakula msanga pa zinthu zowola. Amazinga timaulusi ta mafangasi oipa monga Pythium, Rhizoctonia ndi Fusarium n'kutisungunula, amawalanda chakudya ndi malo, ndipo mitundu ina imathandiza mizu kuphuka yambiri. Khalidwe lodya mafangasi anzakeli analilemba katswiri Richard Weindling mu 1932. Mitundu imene imagulitsidwa kwambiri ndi Trichoderma harzianum, Trichoderma asperellum ndi Trichoderma viride, kawirikawiri ngati ufa.

Mphamvu ya ufa imasiyana malinga ndi wopanga, choncho muyezo wa pa paketi ndiwo woyamba kutsatira. Kwa ufa wamba miyezo imakhala motere. Pa mbewu yosapakidwa mankhwala: magalamu 5 mpaka 10 pa kilogalamu imodzi ya mbewu yonyowetsedwa pang'ono, kuumitsa pamthunzi ndi kufesa tsiku lomwelo. Pa nazale: magalamu 50 mu keni ya malita 10, kuthirira mukangofesa ndi kubwereza pakatha masabata 2. Powokera: viikani mizu ya mbande kwa mphindi 15 mpaka 30 m'madzi a magalamu 10 pa lita.

Njira imene imafalitsa ufa wochepa pa malo aakulu ndi yodzera m'manyowa. Sakanizani kilogalamu imodzi ya ufa ndi makilogalamu 100 a manyowa owolerana. Wazani madzi mpaka mukafinya m'dzanja aziumbika koma osadontha. Unjikani pamthunzi mulu wosapitirira masentimita 30 kutalika, funditsani masaka a ziguduli kapena masamba a nthochi, ndipo tembenuzani pakatha masiku 4 kapena 5. Pakati pa masiku 7 ndi 15 mudzaona chuku choyera chimene chimasanduka chobiriwira. Manyowawo ndi okonzeka kuikidwa m'mapando.

Cholakwika chofala ndi kuthira ufa pa mulu umene ukadatentha. Mulu wa kompositi kapena wa manyowa a Mbeya ukamapsa umatentha moti dzanja silipirira m'kati, ndipo Trichoderma amafa. Dikirani uzizire. Phulusa lambiri nalonso limamufooketsa, chifukwa amakonda dothi la asidi pang'ono, ndipo pa mbali imeneyi dothi la Mzuzu limamuyanja. Chimene sichimuyanja ndi chisanu. Amakula bwino pa madigiri 25 mpaka 30, pamene usiku wa June ndi July kuno umatsika pansi pa madigiri 10. M'miyezi imeneyi mulu umachedwa kubiriwira, ndipo nazale imafuna kufunditsidwa udzu ndi kuthiriridwa m'mawa dzuwa litatuluka, osati madzulo. Madzi a pampopi ali ndi klorini, asiyeni m'ndowa yosavindikira usiku umodzi musanasungunuliremo ufa.

Kodi ndingaike onse awiri pamodzi?

Mungathe. Mycorrhiza pansi pa mbewu, Trichoderma m'manyowa kapena m'madzi othirira.

Ndikaika mafangasi ndisiye feteleza?

Ayi. Fangasi sapanga chakudya, amangotola chimene chili m'dothi. Tomato amafunabe nayitrojeni ndi potaziyamu wambiri, ndipo mycorrhiza sangakwanitse kumupatsa. Urea ndi CAN wobereketsa thiranibe monga mwa masiku onse, mosapyola muyezo.

Pofunika kusamala ndi pa feteleza wokulitsa wokhala ndi fosifolasi wambiri, monga D Compound, ndi manyowa a nkhuku. Mukaunjika zimenezi m'phando, mbewu imakana fangasi. Ikani feteleza m'kadzenje ka pambali, masentimita 5 mpaka 8 kuchokera pa tsinde, osati pa mizu. Ngati mukufuna kuchepetsa, yambani ndi bedi limodzi, kuchotsako gawo limodzi mwa magawo 4, muone zotsatira musanachepetse dimba lonse. Madimba a m'tauni, monga a kuseri kwa nyumba ku Chibavi, Zolozolo kapena Luwinga, amene akhala akulandira manyowa a nkhuku kwa zaka zambiri, kawirikawiri ali kale ndi fosifolasi wokwanira. Pamenepo mycorrhiza sasintha zambiri, ndipo si vuto la fangasi.

Asidi akachuluka kwambiri, pH (muyezo wa asidi m'dothi) ikatsika pansi pa 5.5, aluminiyamu amawotcha nsonga za mizu. Mankhwala ake ndi laimu ndi manyowa, osati fangasi. Kuchuluka kwa laimu kumadalira zotsatira za kuyeza dothi. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu kapena a ku Lunyangwa Research Station angakuuzeni kotumiza dothi lanu.

M'dzinja timapopera tomato sabata iliyonse. Kodi mankhwala sapha mafangasiwa?

Ndi nkhungu ndi mvula ya kuno, tomato wa m'dzinja wosapopera amatha ndi chiwawu, choncho sitikunena kuti musiye. Dithane ndi kopa zopopera pa masamba sizifika kwambiri ku mizu, makamaka bedi likakhala lophimbira ndipo simukupopera mpaka kuchucha. Choopsa ndi kuthira mankhwala a fangasi m'dothi. Benomyl ndi carbendazim amapha mycorrhiza ndi Trichoderma yemwe. Musasungunule Trichoderma m'sipuleya ya mankhwala isanatsukidwe bwino, ndipo ngati mwathira mankhwala m'dothi, dikirani masabata 2 musanaike fangasi.

Mbewu ya m'mapaketi yopakidwa utoto wofiira kapena wobiriwira imakhala ndi mankhwala monga thiram. Musaitsuke ndipo musaipake Trichoderma. Ikani fangasiyo m'dothi la nazale, muzu ukamupeze kumeneko.

Pogula ndiyang'ane chiyani?

Mukugula chinthu chamoyo, choncho tsiku lopangidwa ndi tsiku lotha ntchito n'zofunika kuposa mtengo. Ufa wa Trichoderma umafooka pakangotha miyezi yochepa, makamaka ukasungidwa pa malo otentha. Paketi yokhala pa dzuwa pawindo la shopu, kapena youmbika chifukwa cha chinyontho, isiyeni. Paketi yabwino imatchula mtundu wa fangasi ndi kuchuluka kwa timbewu tamoyo pa galamu, komwe kumalembedwa ndi zilembo za CFU. Ya mycorrhiza iyenera kutchula mtundu monga Rhizophagus irregularis kapena Funneliformis mosseae. Zogulitsidwa ngati mankhwala oteteza mbewu zimayenera kukhala zovomerezedwa ndi Pesticides Control Board. Zopimidwa m'timapepala topanda dzina musagule.

Kafukufuku wa m'maiko osiyanasiyana wapeza kuti mapaketi ambiri a mycorrhiza amakhala opanda timbewu tamoyo tokwanira. Ndi chifukwa china chimene ife timaonera kuti mycorrhiza ndi bwino kuchulukitsa nokha, ndalama zipite ku Trichoderma wosungidwa bwino. Musasokonezenso ndi inokyulanti ya soya: imeneyo ndi ya mabakiteriya opanga nayitrojeni, si fangasi, ndipo pa tomato ilibe ntchito.

Tomato wanga akufota. Ndithire Trichoderma achire?

Mbewu yofota kale sichira. Trichoderma ndi woteteza, ayenera kufika pa muzu matenda asanafike. Komanso onani kaye chimene chikufotetsa. Dulani tsinde chapansi, ndipo viikani nsonga yake m'tambula ya madzi oyera osagwedeza. Mukaona timizere toyera ngati utsi tikutsika pakatha mphindi zochepa, amenewo ndi mabakiteriya, ndipo Trichoderma si yankho lake. Zulani mbewuyo ndi dothi lake, musaiponye pa kompositi, ndipo pamalopo musadzalepo tomato, mbatatesi, tsabola kapena mabiringanya kwa zaka zingapo. Madzi akakhala oyera koma m'kati mwa tsinde muli mizere yakuda mofiirira ndipo masamba akuchita chikasu mbali imodzi, n'kutheka kuti ndi Fusarium. Apo Trichoderma angathandize mbewu yotsatira, limodzi ndi kasinthasintha wa mbewu.

Kodi n'zoopsa kwa anthu kapena ziweto?

Ndiwo zake n'zabwino kudya. Posakaniza ufa valani kansalu kukamwa ndi kumphuno kuti musapume fumbi lake, ndipo sambani m'manja mukamaliza. Amene mukulima bowa wa oyisitara samalani kwambiri: Trichoderma ndiye chuku chobiriwira chimene chimaononga matumba a bowa. Mulu wa manyowa ukhale kutali ndi nyumba ya bowa, ndipo zovala ndi ndowa zisamasinthane.

Ndidziwa bwanji kuti zagwira ntchito?

Mycorrhiza wa ndiwo za m'dimba saoneka ndi maso, ndipo sabala bowa. Ulusi woyera umene mumaona pansi pa udzu wophimbira ndi wa mafangasi owoletsa zinyalala. Mycorrhiza amatenga masabata 2 mpaka 4 kuti akhazikike m'muzu, ndipo kusiyana kwa kakulidwe kumayamba kuoneka pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, mochedwerapo m'nyengo yozizira.

Njira yodalirika ndi kuyerekeza. Konzani mabedi 4 ofanana, aliwonse mita imodzi m'lifupi ndi mamita 5 m'litali, awiri oika fangasi ndi awiri osaika, mosinthanasinthana kuti onse oika asakhale mbali yachonde. Mbewu, tsiku lowokera, manyowa ndi madzi zikhale zofanana. Ngati mwaika chosakaniza cha m'matumba, ikaninso kadzanja ka mchenga ndi kompositi m'mapando a mabedi enawo, apo ayi mudzatamanda fangasi pa ntchito ya manyowa. Pa nazale werengani mbande zogwa m'mzere uliwonse. Pokolola yezani pa sikelo zokolola za bedi lililonse, ndipo lembani m'kope. Anyezi ndiye mbewu yabwino kuyambira nayo, chifukwa ndi amene amaonetsa kusiyana msanga pa dothi lofiira losowa fosifolasi.